Zimene zimadwalitsa ophunzira m'mayunivesite mwathu

Mwana akasankhidwa kupita ku yunivesite mudzi wonse umamva. Amalume amagula sutikesi, amayi amakazinga mtedza ndi kukagayitsa ufa, kutchalitchi amamupempherera. Nkhawa ya onse imakhala pa fizi ndi pa mabuku. Za thupi lake palibe amene amafunsa, poti munthu wa zaka 19 kapena 20 amaoneka kuti matenda sangamufike. Koma mukafunsa amene anadutsako ku Chanco, ku Poly, ku Bunda kapena ku Mzuni chimene chinalepheretsa anzawo ena kumaliza maphunziro, za kuuma mutu mudzamva zochepa. Mudzamva za amene anadwala sabata ya mayeso, amene anatenga mimba chaka choyamba, amene anangosiya kutuluka m'chipinda, ndi amene mowa unamutha.

Matenda amene amavutitsa ophunzira si achilendo ayi. Ndi malungo omwewa, kutsekula m'mimba, kuchepa kwa magazi, matenda opatsirana pogonana ndi matenda a maganizo. Onsewa achipatala amawadziwa, mankhwala ake alipo, ndipo ambiri ndi aulere m'zipatala za boma. Chimene chimawapatsa mphamvu pa sukulu ndi mmene wophunzira akukhalira, ndiponso kuchedwa kwake kukapeza thandizo. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo pa nkhani ya thanzi kuzengerezako nthawi zambiri kumayezedwa m'maola.

Ndalama ndi mbale ya nsima

Kale ophunzira a University of Malawi anali ochepa moti aliyense ankapeza bedi m'hositelo ndi chakudya ku kafiteriya. Lero zinthu zinasintha. Yunivesite ya MUST inatsegulidwa ku Thyolo mu 2014, ndipo mu 2021 Poly inakhala MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana kukhala KUHeS. Ophunzira achuluka, chimene ndi chinthu chabwino, koma mabedi sanachuluke nawo. Ambiri tsopano amachita lendi kunja kwa sukulu, ku Chikanda ku Zomba, ku Luwinga ku Mzuzu, ku Chitawira kapena ku Ndirande ku Blantyre, ndipo amadziphikira okha kapena kugula. Amene alibe thandizo lokwanira kunyumba amadalira ngongole ya bungwe la boma lokongoza ophunzira ndalama, limene linakhazikitsidwa mu 2015. Ndalama yodyera ikabwera imayenera kukwanira lendi, chakudya, sopo, bandulo ya intaneti ndi fotokope. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mitengo ya zonsezi inakwera nthawi yomweyo pamene ndalama ya wophunzira imatsalira m'mbuyo.

Aliyense amene anakhalapo moyo umenewu amaudziwa mmene mwezi umayendera. Ndalama ikangolowa pa foni, pachiwaya pamadzaza, tchipisi ndi nkhuku. Pofika sabata yachitatu m'mawa ndi tiyi wopanda mkaka, masana munthu amangokhala mu laibulale kuti asaone anzake akudya, madzulo nsima ya soya pisesi, paketi imodzi anthu atatu. Amene akuchita zimenezi sanena. Amavala bwino, amaseka ndi anzake, ndipo mayi ake akamuimbira amati zonse zili bwino.

Ubongo umadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu zonse zimene thupi limagwiritsa ntchito. Wophunzira amene walowa m'kalasi 8 koloko asanadye kanthu kuyambira dzulo madzulo amamva mawu a mphunzitsi koma sawasunga. Kwa atsikana pali vuto lina lobisika kwambiri, kuchepa kwa magazi. Mwezi uliwonse amataya magazi, ndipo ngati chakudya chilibe ayironi wokwanira thupi silibwezeretsa. Zizindikiro zake ndi kutopa kosatha, chizungulire poimirira, kupuma befu pokwera masitepe, mtima kuthamanga ndi zikhatho zoyezuka. Mtsikana wotere amadziimba mlandu kuti ndi waulesi, pamene kuyeza magazi ku kiliniki ndi nkhani ya mphindi zochepa, ndipo mapiritsi owonjezera magazi alipo.

Sindikufuna kunamiza munthu kuti njala imatha ndi malangizo. Koma ndalama yomweyo ikhoza kugula chakudya chabwinopo. Aunduna wa zaumoyo amaphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, za m'gulu la nyemba, zanyama, masamba, zipatso ndi mafuta. Palibe gulu limene limafuna munthu wolemera. Bonya ndi usipa ndi zanyama, ndipo poti timadya ndi minga yomwe zimalimbitsanso mafupa. Nsinjiro mu nkhwani kapena mu bonongwe zimapereka mafuta ndi zomanga thupi nthawi imodzi. Mbatata yowiritsa m'mawa imasunga munthu nthawi yaitali kuposa mandasi awiri. Tiyi akamwedwa pamodzi ndi chakudya amalepheretsa thupi kutenga ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba, pamene tomato, gwafa kapena lalanje zimathandiza, choncho ndi bwino kumwa tiyi patapita ola mutadya. Ndipo njira imene yapulumutsa ambiri ndi kusonkherana: anthu anayi kugula ufa, nyemba ndi mafuta a mwezi wonse tsiku lomwelo ndalama yalowa, isanayambe kusungunuka.

Za zilonda zam'mimba ndinenepo pang'ono, chifukwa pafupifupi wophunzira aliyense amene akumva kutentha pachifuwa amati ali ndi ma alisa chifukwa cha njala. Njala imawonjezera ululu, koma zimene zimayambitsa zilonda zenizeni kawirikawiri ndi kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori, ndiponso mankhwala opha ululu monga brufen, indocid ndi asipirini akamamwedwa pafupipafupi, makamaka m'mimba muli mopanda kanthu. Kachilomboko kali ndi mankhwala ake. Kumwa mkaka ndi maganiziyamu chaka chonse sikukachotsa. Chimbudzi chikakhala chakuda bii kapena munthu akasanza magazi, apite kuchipatala ola lomwelo.

Chipinda chimene akugonamo

Chipinda cha lendi cha wophunzira nthawi zambiri chimakhala chogona, khitchini ndi powerengera zonse pamodzi, anthu awiri kapena anayi, zenera limodzi. Magetsi akazima amakoleza mbaula. M'miyezi ya June ndi July, kuzizira kwa ku Zomba kapena ku Mzuzu kukafika, ena amalowetsa mbaulayo m'chipinda n'kutseka chitseko ndi zenera. Makala akamayaka mosakwanira mpweya amatulutsa mpweya wakupha umene ulibe fungo kapena mtundu. Munthu amayamba ndi mutu, nseru ndi kufooka, amaganiza kuti watopa, amagona, ndipo ena sadzukanso. Mbaula isagone m'chipinda ngakhale makala akuoneka kuti atha. Anthu awiri m'chipinda chimodzi akayamba kumva mutu nthawi imodzi mbaula ili mkati, atuluke panja msanga.

Kuthithikana kumeneku ndi kumenenso chifuwa chachikulu cha TB chimakonda. Chifuwa chikapitirira masabata awiri, makamaka pamodzi ndi kutuluka thukuta usiku ndi kuwonda, chimafunika kukayezetsa makhololo. Mankhwala ake ndi aulere, amamwedwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo munthu amachira.

Malungo ndiye amagwetsa ophunzira ambiri nyengo ya mvula. Udzudzu wofalitsa malungo umaluma kwambiri usiku, nthawi yomwe wophunzira wakhala pa tebulo akuwerenga miyendo ili pamtunda, kapena wagona popanda neti poti m'chipindamo mulibe pokoleka. Cholakwika chofala ndi kumwa panado masiku atatu podikira kuti asayimenti iperekedwe kaye. Panado amatsitsa kutentha kwa thupi koma tizilombo timapitiriza kuswana m'magazi. Thupi likatentha, kayezetseni tsiku lomwelo. Amangobaya chala, ndipo zotsatira zimatuluka pasanathe theka la ola. Akapeza malungo, munthu wamkulu amamwa LA mapiritsi anayi nthawi imodzi, kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, ndipo ulendo wachiwiri umabwera patatha maola 8 kuchokera pa woyamba. Mankhwalawa amalowa bwino m'thupi akamwedwa ndi chakudya cha mafuta, monga mkaka kapena phala la nsinjiro. Ambiri amasiya tsiku lachiwiri akamva bwino n'kusungira mnzawo otsalawo, ndipo malungo amabwereranso. Akapanda kupeza malungo musaumirire LA, funsani chimene chikutenthetsa thupi, chifukwa tayifodi ndi matenda ena amayamba mofanana. Wodwala akayamba kubwebweta, kukomoka, kusanza chilichonse kapena kuuma khosi, ameneyo si wa ku kiliniki ya pasukulu, ndi wa kuchipatala chachikulu.

Kolera imene inayamba mu March 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu January 2023 boma linachedwetsa kutsegulira sukulu za pulayimale ndi sekondale m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre. Malo ambiri amene ophunzira amachita lendi ndi a chimbudzi chimodzi nyumba zingapo, madzi a pachitsime mipopi ikauma. Madzi akumwa athiridwe WaterGuard kapena awiritsidwe. Wotsekula m'mimba kwambiri amatha kufa ndi kutha madzi m'thupi m'maola ochepa chabe, choncho ayambe kumwa Thanzi ORS ali m'njira yopita kuchipatala. Ngati palibe, lita imodzi ya madzi abwino, masupuni aang'ono asanu ndi limodzi a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere zimagwira ntchito.

Kuchezera usiku wonse

Sabata ya mayeso ikafika, makalasi amakhala oyaka mpaka m'bandakucha. Wina waviika mapazi m'beseni la madzi ozizira, wina akutafuna khofi wouma, wina wamwa zakumwa zopatsa mphamvu zitatu. Mantha a sapu (mayeso obwereza ukalephera) ndi a kuwidedwa (kuchotsedwa sukulu chifukwa cholephera) ndi enieni, ndipo ndimawamvetsa. Koma zimene munthu wawerenga masana ubongo umazikhazikitsa ali m'tulo. Amene wawerenga mpaka 11 koloko n'kugona amakumbukira zambiri m'mawa kuposa amene wachezera, ndipo wochezerayo amalakwitsa ngakhale mafunso amene amawadziwa. Munthu wa msinkhu umenewu amafunika maola 7 mpaka 9. Khofi akamwedwa, theka la mphamvu yake limakhala likadali m'magazi patapita maola pafupifupi asanu, ndiye kapu ya 6 koloko madzulo imakhala ikugwirabe ntchito pakati pa usiku. Kusagona kwa masiku angapo otsatizana kumawonjezeranso nkhawa, ndipo kwa ena kumadzutsa matenda a maganizo amene anali asanaonekere.

Maola 72

Kwa ambiri, yunivesite ndi malo oyamba kukhala popanda kholo kapena matironi wowerenga anthu usiku. Mayaro (ophunzira a chaka choyamba) akangofika, makonti (amene anayamba kale) amakhala akuwadikira. Sindikulemba kuti ndilalikire, aliyense ali ndi chikhulupiriro chake, koma pali zinthu zimene wophunzira aliyense ayenera kudziwa asanazifune.

Kafukufuku wa dziko lonse wa 2020 mpaka 2021 anapeza kuti pafupifupi anthu 9 mwa 100 aliwonse a zaka 15 kupita m'tsogolo ali ndi HIV, ndipo amayi ndi ochuluka kuposa abambo. Pakati pa achinyamata, atsikana ndiwo amatenga kachilomboka kwambiri, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake ndi kugonana ndi amuna aakulu kuposa iwo. Apa nkhani ya ndalama ija yabwereranso. Mtsikana amene lendi yake ikulipiridwa ndi bambo wa galimoto sakhala ndi mphamvu zonena za kondomu.

Kondomu ikang'ambika, kapena munthu akagonana mosadziteteza, kapena akagwiriridwa, pali mankhwala otchedwa PEP amene amateteza kuti HIV isakhazikike m'thupi. Ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo kufulumira ndiye kwabwino koposa. Amamwedwa masiku 28. Mapiritsi oletsa mimba mwadzidzidzi nawonso amagwira bwino ntchito m'maola 72 oyambirira. Zikachitika Lachisanu usiku, kudikira kuti kiliniki ya pasukulu itsegule Lolemba ndi kutaya pafupifupi nthawi yonseyo, pamene chipatala cha boma chimakhala chotsegula Loweruka ndi Lamlungu. Amene akudziwa kuti ali pachiopsezo nthawi zonse akhoza kufunsa za PrEP, imene imamwedwa munthu asanakumane ndi kachilombo. Njira zolera zimapezeka m'zipatala za boma ndi ku Banja La Mtsogolo, ndipo munthu safunika kukhala wokwatiwa kuti athandizidwe. Zilonda, mafinya kapena kuwawa pokodza zisathiridwe makapisozi ogula pa golosale, chifukwa mankhwala osakwanira amangobisa matenda, ndipo kwa atsikana chinzonono chosachiritsidwa chimatha kutseka njira ya mazira.

Wogwiriridwa apite kuchipatala asanasambe ngati angathe. M'zipatala zikuluzikulu muli malo a Chikwanekwane kumene dokotala, wapolisi ndi mlangizi amapezeka pamodzi. Mphunzitsi wopempha thupi la wophunzira posinthana ndi malikisi akuphwanya lamulo la Gender Equality Act la 2013, ndipo mauthenga ake a pa foni asafufutidwe, ndi umboni.

Matenda amene saoneka

Apa ndi pamene ndikufuna kuti makolo amvetsere kwambiri. Matenda ambiri a maganizo amayamba munthu asanakwanitse zaka 25, msinkhu womwewo wa ana athu a ku yunivesite. Taganizirani mnyamata amene anali woyamba m'kalasi kuyambira Sitandade 1 mpaka Folomu 4, amene kwawo amamutcha kale dokotala kapena injiniya. Wafika pa sukulu, wapeza kuti onse anali oyamba kwawo. Mayeso oyamba wapeza 38. Ku banja kwawo palibe amene anafikapo ku yunivesite woti angamuuze kuti zimenezi zimachitika ndipo zimakonzeka. Azing'ono ake akumupempha ndalama ya yunifolomu kuchokera pa ndalama yake yodyera. Akaimba foni kunyumba amamuuza kuti limba mtima, ndiwe mwamuna, tonse tikudalira iwe.

Kukhumudwa kwa masiku awiri chifukwa cha mayeso kapena chibwenzi chimene chatha si matenda. Achipatala amayamba kuganiza za matenda okhumudwa pamene munthu wakhala wosasangalala, kapena wataya chidwi pa zonse zimene ankakonda, pafupifupi tsiku lililonse kwa masabata awiri kapena kuposerapo. Nthawi zambiri zimabwera ndi kusowa tulo kapena kugona mopitirira, kusafuna kudya, kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi ndi kudziona wopanda pake. Kwathu kuno ambiri safotokoza kuti ndakhumudwa. Amati mutu ukundipweteka tsiku lililonse, mtima ukuthamanga, ndikawerenga sizikulowa, ndikuganiza kwambiri. Amapita ku kiliniki, amayezedwa malungo, amapatsidwa panado, amabwerera. Wina akamuuza kuti wakulodza ndi wachibale wansanje, amakhulupirira, poti palibe amene wamupatsa yankho lina. Kupemphera ndi kukaonana ndi dokotala sizilimbana, munthu akhoza kuchita zonse ziwiri.

Anyamata ambiri amathawira ku mowa, ku chamba ndi ku kubetcha. Kandege, masewera obetcha a pa foni, kadya fizi ya ophunzira osawerengeka. Amayamba ndi K500, amapambana kamodzi, kenako amaika ndalama ya lendi kuti abweze imene yapita, kenako amakatenga katapila. Ngongole yobisika yotereyi, imene munthu sangauze makolo ake, ndi yoopsa kwambiri pa maganizo. Chamba nachonso ena amachitenga ngati chothandiza kuwerenga. Lamulo la 2020 linalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, osati chosuta, ndipo kusuta kwambiri pa msinkhu umenewu kumakweza chiopsezo cha misala, makamaka kwa amene kubanja kwawo kuli kale vutoli. Mnzanu akaledzera mpaka osadzuka mukamugwedeza, mugonekeni cham'mbali kuti asatsamwe ndi masanzi, musamusiye yekha, ndipo ngati akupuma modukizadukiza thamangirani naye kuchipatala.

Malipoti a apolisi chaka ndi chaka amasonyeza kuti mwa anthu odzipha m'Malawi ambiri ndi amuna. Amene amayamba kuona kusintha si mlangizi kapena mphunzitsi, ndi mnzake wogona naye chipinda chimodzi. Ndiye amaona kuti sabata yatha munthu asanapite m'kalasi, kuti mbale ya nsima yabwerera osakhudzidwa, kuti wayamba kugawa zovala ndi mabuku ake, kuti akulankhula zoti posachedwa sadzavutitsanso aliyense. Ambiri amaopa kufunsa poganiza kuti amupatsa maganizo oipa. Sizili choncho. Kufunsa mosabisa kuti, “Achimwene, kodi mukuganiza zodzipha?” sikumupangitsa kutero, ndipo kawirikawiri kumamupatsa mpata woyamba wolankhula. Akavomera, musamudzudzule ndipo musalonjeze kuti musunga chinsinsi. Khalani naye, chotsani mankhwala, tameki ndi zingwe m'chipindamo, uzani woyang'anira hositelo kapena ofesi yoona za ophunzira, ndipo mumuperekeze nokha kuchipatala. Zipatala za m'maboma zimakhala ndi ogwira ntchito ophunzira za matenda a maganizo. Ku Zomba kuli Zomba Mental Hospital, ndipo St John of God ili ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ambiri amathandizidwa ndi uphungu ndi mankhwala n'kubwerera kusukulu osagonekedwa n'komwe.

Masukulu nawo ali ndi mbali yawo, ndipo ine ndimaona kuti sakuikwaniritsa mokwanira. Mlangizi mmodzi sangathandize ophunzira zikwi zingapo, ndipo ofesi yake ikakhala pa njira imene aliyense amaona amene walowa, anyamata safikako. Sabata yolandira mayaro imadzaza ndi malamulo a laibulale pamene za PEP, za mbaula ndi za kumene munthu angapite usiku zimatenga mphindi zochepa. Nyumba zimene ophunzira amachita lendi zimafunika kuyenderedwa, chifukwa wophunzira wa ku Chikanda ndi wa sukuluyo mofanana ndi wa m'hositelo.

Pali chinthu chimodzi chimene ophunzira ambiri amachidziwa mochedwa. Malamulo a mayunivesite athu amalola wodwala kuimitsa mayeso n'kudzalemba nthawi ina, ngakhalenso kupuma kaye maphunziro pa chifukwa cha matenda n'kudzabwerera, ndipo matenda a maganizo ndi matenda ngati ena onse. Koma zimafuna kalata ya kuchipatala, yoperekedwa ku ofesi mayeso asanalembedwe kapena mwamsanga ndithu. Amene walowa m'chipinda cha mayeso ali ndi malungo, kapena amene wangosowa mwezi wathunthu osauza aliyense, zotsatira zikatuluka zimamuvuta kwambiri kudandaula. Ngati wodwalayo sangathe kuyenda, mnzake atenge buku lake la kuchipatala ndi kalatayo akapereke kwa mkulu woona za ophunzira tsiku lomwelo, ndipo asunge kope lake.